Hotela ya Mbalame kwa a Mhone

A Amon Mhone atatulutsidwa m'ndende anafika kwawo ku Nkhunga ndi jumbo imodzi m'manja, mano akutsogolo atatha. Pamene ankatengedwa, mwana wawo Enifa anali mu Sitandade 5. Pobwera anamupeza ali namwali, mayeso a JC atalemba kale. A Mhone anali mphunzitsi. Kwawo kwenikweni kunali ku Nkhata Bay, koma kuno anabwera ali mnyamata, n'kukwatira a Dailesi, n'kumanga. Mlandu wawo palibe amene ankaudziwa bwinobwino. Ena ankati anafunsa funso pamsonkhano wa chipani, ena ankati anakana kutulutsa ana m'kalasi kuti akayeserere magule. Chimene aliyense anaona n'chakuti tsiku lina galimoto inaima pasukulu, aphunzitsi n'kukwera choko chili m'manja.

Atabwera, pakhomo panadzaza anthu odzawaona. Kenaka kunabwera chisankho, boma linasintha, anthu n'kuyamba kunena atsogoleri mokweza m'minibasi popanda kucheuka. Anyamata a chipani china anafika ndi nsalu ndi zipewa kudzawapempha kuti akaime pansanja, akafotokozere anthu zimene anaona kundende. A Mhone anawathokoza, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, iwo ndi nsalu zawo zomwe. Kusukulu anayesa kubwerera, koma phokoso la ana linkawanjenjemeretsa manja, moti anasiya asanapite patali. Kuyambira pamenepo malo awo anali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango. Ankalima chinangwa m'mawa, akaweruka n'kukhala pamenepo, phee. Munthu akatseka chitseko mwamphamvu ankadzidzimuka n'kuimirira.

Choko chinapita kwa Enifa. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana anasefukira m'makalasi mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi ongogwirizira. Enifa anali mmodzi mwa iwo. Ntchitoyo ankaikonda, ankakondanso kumva anthu akumutchula kuti madamu akamadutsa pamsika. Ubwana wake wonse anali mwana wa wandende uja, amene anzake ankaletsedwa kusewera naye. Tsopano anali ndi dzina lakelake, ndipo sankafuna kuti ligwere fumbi.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula, poweruka kusukulu, anawapeza bambo ake atayala matabwa kuseri. Anali matabwa a boti lakale limene linkaolera pagombe, mwini wake anangowauza kuti atenge. Sowo ndi hamala anali atabwereka kwa a Sufiyani, neba wawo wa kuseri kwa mpanda. Misomali anaizula m'matabwa omwewo, ndipo ankaiwongola umodziumodzi pamwala.

"Adada, mukukhoma chiyani? Mpando?"

"Ayi. Tagwira apa, NyaMhone."

Umu ndi mmene ankamutchulira mwana wawoyo, mwa Chitonga cha kwawo. Enifa anaika mabuku pansi n'kupondereza thabwa ndi bondo. Bambo ake anayeza ndi chikhato, n'kulemba mzere ndi khala, n'kuyamba kucheka. Thabwa lalikulu analiika pansi, m'mbali mwake n'kukhomera timatabwa topyapyala ngati milomo ya thireyi. M'makona anaimika timizati, pamwamba n'kukumanitsa matabwa awiri ngati denga la tchalitchi. Anawotcha msomali pamoto n'kuboola timabowo pathabwa la pansi lija kuti madzi a mvula asamadikhe. Pomaliza anatenga galasi la botolo losweka n'kupala paliponse mpaka utoto wabuluu wa boti unatsala apo ndi apo. Ntchitoyo inawatengera masiku angapo, ndipo Enifa ankathamangira kunyumba kuti akathandize. Chibwerereni anali asanawamvepo bambo ake akuyankhula mawu ochuluka chotero. Tsiku lina anawamva akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'Chitonga, misomali ili pakamwa, ndipo a Dailesi anatuluka m'khitchini n'kuima pakhomo, kumvetsera.

Atachikhomera pamwamba pa mlongoti wa bulugamu, atakulunga chitini pamlongotipo kuti mphaka ndi makoswe asakwere, Enifa anachizungulira n'kufunsa kuti, "Nanga nkhunda zake mukazitenga kuti?"

"Si khola la nkhunda ili. Ndi podyera mbalame."

"Mbalame zanji?"

"Zilizonse zimene zingabwere."

"Ndiye tizizigwira bwanji?"

"Sitizigwira," anatero a Mhone. "Zizidya n'kumapita."

Anathirapo madeya ndi mpunga wosweka, pambali n'kuika chipapaya chakupsa kwambiri. Masiku oyamba sipanatere kanthu. Kenaka kunabwera pumbwa mmodzi, n'kujompha papaya, n'kuthawa. Posapita nthawi mpheta zinauzana, atchete anabwera, njiwa n'kumatola zogwa pansi. A Mhone ankakhala pampando wawo osagwedezeka, maso ali pamwamba, milomo ikuyenda pang'ono ngati akuziyankhula.

Koma ku Nkhunga mbalame ndi ndiwo kapena mbala. Anthu amalima mpunga kudambo, ndipo ukayamba kukhwima banja lonse limalawirira kukaingitsa mbalame mpaka mawu kusasa. Munthu wotapa mpunga m'thumba n'kumaitanira mpheta anali asanaonekepo. Amuna a pabawo ndiwo anapereka dzina: hotela ya mbalame. Dzinalo linayenda mpaka kusukulu. Tsiku lina Enifa akulemba pabolodi, kunamveka mawu kumbuyo akuti, "Madamu, kuhotela kwanu lero kuli ndiwo yanji?" Kalasi yonse inaphulika. Pamjigo, amayi ankati akamuona akubwera nkhani n'kuduka, koma mawu omaliza ankawamva ndithu: "Akuti kundende kuja anawamenya kwambiri m'mutu."

A Sufiyani okha ndiwo ankayankhula pamaso. Anasuzumira pampanda tsiku lina n'kunena kuti, "A Mhone, alendo anuwa akakhuta kuno amadzatsukira m'kamwa m'munda mwanga." Onse awiri anaseka, ndipo mawa lake a Asiya, akazi a nebayo, anabweretsa zosesa za pamphasa yopunthira mpunga kuti akathire pahotelapo.

Enifa sankaseka. Anali ndi chibwenzi, Fidelis, kalaliki wa kukampani ya shuga ku Dwangwa, ndipo anali atagwirizana kuti akwawo kwa mnyamatayo abwere kudzaonekera. Lamulungu lina ali ku Dwangwa, akudya tchipisi pachiwaya, Fidelis anayamba kuzungulirazungulira nkhani.

"Azakhali anga a Rute abwera nawo Loweruka. Ukudziwa ndi amene anandilera. Ndiye kwathu ku Mwadzama kwafika timawu."

"Timawu tanji?"

"Za adada. Akuti amadyetsa mbalame, amayankhula nazo. Ine ndawauza kuti ndi munthu wabwinobwino, koma azakhali akuti matenda a mutu amayenda m'magazi. Akufuna adzadzionere okha."

Enifa anasiya tchipisi chake osamaliza. M'minibasi pobwerera anangoyang'ana minda ya nzimbe, mutu ukuwira. Anaganiza zowapempha bambo ake kuti achizule chinthucho kwa tsiku limodzi lokha. Kawiri konse anapita kuseri, n'kuwapeza atakhala pampando paja nkhope ili mbee, mawu n'kumuthawa.

Loweruka m'mamawa a Mhone anapita kugombe kukagula chambo cha alendo, a Dailesi n'kupita kumjigo. Enifa anatuluka ndi nkhwangwa. Mpheta zinali kale pathandalapo, ndipo zinabalalika atangofika. Anagwedeza mlongoti uku ndi uku mpaka unazuka, chonse n'kugwa chagada. Denga linang'ambika ndi nkhwangwa imodzi. Misomali ija, imene iye yemwe ankawapatsira bambo ake, inkalira potuluka m'matabwa. Anawaza zonse, n'kukwirira dzenje, pamwamba pake n'kukhazikapo mtondo. Matabwawo anakasonkhezera mpunga wa alendo.

A Dailesi atabwera anatula ndowa, n'kuona kathabwa ka utoto wabuluu kakuyaka pakati pa mafuwa. Anayang'ana motowo, n'kuyang'ana mwana wawo. Anatenga lichero n'kutuluka.

A Mhone anabwera ndi nsomba alendo ali kale panjira, moti anangosamba msangamsanga n'kuvala jekete yawo yakale ya uphunzitsi, imene tsopano inkawakulira m'mapewa. Kuseri sanafikeko. Alendo anali amalume ake a Fidelis ndi azakhali aja, mayi wamfupi wa maso akuthwa. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pakhonde, ndipo Enifa ankamvetsera ali kuseri kwa chitseko. Bambo ake anayankhula pang'ono koma mwadongosolo. Anafunsa za mvula ku Mwadzama, anafunsa za mpingo wa mnyamatayo, ndipo amalume atapota mawu ena, a Mhone anawawongola mwanthabwala mpaka onse anaseka. Enifa anapumira m'mwamba.

Atatha kudya, iye akuchotsa mbale atagwada, a Rute anapukuta m'manja n'kunena kuti, "Bambo, ife tamva kuti pano pali hotela ya mbalame. Kodi n'zoona? Ine chibadwire sindinaonepo. Tingaione?"

Nkhope ya a Mhone inawala. "Bwerani, mayi. Nthawi ino mupeza apumbwa." Anaimirira, n'kulowa m'nyumba kukatapa mpunga wosweka m'dzanja, n'kutsogolera alendo kuseri. Enifa anatsatira ndi mbale zili m'manja.

Pansi pa mango panali mtondo. Mpheta zinali mumtengo, zikulira.

A Mhone anaima. Anayang'ana mtondowo, anayang'ana kumpanda, anazungulira mtengo ngati chinthucho chikanatha kubisala kuseri kwake. Kenaka anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Enifa, chapita kuti?"

A Dailesi anazolika. Alendo ankayang'anana. Enifa anaona maso a azakhali akuyenda kuchoka pa bambo ake kubwera pa iye, ndipo pakamwa pake panatseguka pokha.

"Ndi a Sufiyani, adada. Anabwera m'mawa muli kugombe. Akuti mbalame zikuwathera mpunga. Anazula n'kutenga."

"A Sufiyani?"

"Eya."

A Mhone anatsegula dzanja, mpunga uja n'kugwera pansi. "Ali ndi chifukwa," anatero motsitsa. "Mpunga ndi wawo. Pepani alendo, mwayenda ulendo wachabe. Tiyeni tibwerere pakhonde."

Nkhani ya ukwati inatha bwino. Powaperekeza, a Rute anamugwira Enifa padzanja n'kutsalira naye m'mbuyo. "Mwana wanga, ine ndinabwera ndi mantha, ndisakunamize. Koma anthu ndi abodza. Bambo ako ndi munthu waulemu, wamutu wake. Koma neba wanuyo! Munthu wavutika zaka zonsezo, ndiye kachinthu kamodzi komusangalatsa mpaka kukazula? Alibe chisoni." Pasiteji, podikira minibasi, a Rute anaifotokoza nkhaniyo kwa mayi wogulitsa nthochi, mokweza, ndipo anthu ena anasendera pafupi.

Madzulo ake a Dailesi anamupeza Enifa akutsuka mapoto. "Moto ndinauona, ndinakhala chete, tchimo limenelo ndi langa," anatero. "Koma bodza lija ulisenze wekha. Ine sindikuthandiza."

Lolemba a Mhone anatuluka kusanache bwino ndipo sanabwere kudzamwa tiyi. Lachiwiri chimodzimodzi. Ankafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, mawu atasasa, n'kudya mwakachetechete. Enifa sanafunse. Ankachoka msanga, kubwera mochedwa, ndipo kuseri kwa nyumba sankapondako. Pamjigo amayi tsopano ankamulonjera mwachisoni. "Pepani madamu, tamva zimene anachita a Sufiyani. Munthu wopemphera kasanu patsiku!" Iye ankangoti zikomo, n'kusenza ndowa isanadzaze.

Chakumapeto kwa sabatayo, akuweruka, anapeza a Sufiyani atakhala pachitsa m'mbali mwa njira ya kusukulu, kofiya ali m'manja. Anaimirira atamuona.

"Mwana wanga, ndimadikira iwe. Tapatuka pang'ono."

Anaima pansi pa mtengo, kutali ndi ana odutsa.

"Bambo ako anabwera kwathu Lamulungu. Anagwada, munthu wamkulu ngati uja, kupepesa kuti mbalame zawo zandidyera mpunga. Akuti aziingitsa okha m'munda mwanga mpaka ndikolole. Ine ndinati a Mhone, mukunena chiyani? Iwo akuti musadandaule, munachita bwino kuzula. Wallahi, ine chinthu chija sindinachikhudze. Ndawauza, ndabwereza, koma akuona ngati ndikukana chifukwa cha manyazi. Ndikafika kumunda ndimawapeza ali kale pansanja. Ndiwathamangitse? Ndiwamenye?"

Enifa anayang'ana nsapato zake.

"Dzulo kumzikiti anthu anandipatsa salamu ya kumphuno. Akuti Sufiyani anagwetsa chinthu cha munthu wodwala, tsopano akumugwiritsa ntchito ngati kapolo. Mdzukulu wanga anabwera akulira kuchokera kusukulu kwanu komweko." Anapukusa kofiya uja m'manja. "Asiya anali kuseri kwa mpanda Loweruka m'mawa, ankayanika makaka. Anakuona ndi nkhwangwa."

Enifa anafuna kugwada, anafuna kuthawa, koma anangoima, mabuku atawakumbatira pachifuwa.

"Sitinauze munthu," anapitiriza a Sufiyani. "Ndinakuona ukubadwa, ndipo nthawi imene bambo ako kunalibe ndikudziwa mmene munkakhalira. Ukwati wako sindikufuna kuuwononga. Koma dzina langa likuola, ndipo mnzanga akupsa ndi dzuwa pa mlandu woti palibe. Uone chochita." Anavala kofiya n'kumapita.

Enifa sanapite kunyumba. Analowera njira ya kudambo, atavala diresi lake la kusukulu lomwelo. Pofika m'minda anavula nsapato n'kuyenda pamizere ya matope. Mpunga unali utawerama, wachikasu, ndipo mbali zonse kunkamveka zitini ndi kukuwa kwa oingitsa mbalame. Mawu a bambo ake anawazindikira ali patali, ngakhale anali asanawamvepo akukuwa chibwerereni.

"Haa! Haa! Chokani!"

Anali pansanja ya mitengo pakati pa munda, chipewa cha mlaza kumutu, malaya atamatirira kumsana. M'manja anali ndi chingwe chimene chinkafika kumalire a munda, chomangiriridwa zitini zokhala ndi timiyala. Gulu la atchete likati litere, iwo ankakoka chingwe ndi mphamvu zawo zonse, zitini n'kuchita phokoso, ndipo phokoso lililonse linkawadzidzimutsa iwo eni, mapewa n'kukwera. Mbalame zinkauluka n'kuzungulira, n'kubweranso.

"Adada, tsikani."

Anayang'ana pansi. "NyaMhone? Ukuipitsa diresi. Ndikatsika zitera."

Enifa anaima m'madzi pansi pa nsanjayo, nsapato zili m'manja. Mawu amene anawakonza m'njira anabalalika onse.

"A Sufiyani sanazule chinthu chija. Ndine. Ndinachiwaza ndi nkhwangwa muli kugombe. Matabwa ake ndi amene ndinaphikira mpunga wa alendo."

Chingwe chinalendewera. Atchete anatera kumapeto kwa munda, ndipo a Mhone sanawaone. Anakhala pansi pansanjapo pang'onopang'ono, miyendo ili lendee.

"Mpunga umene tinadya uja?"

"Eya."

"Amako akudziwa?"

"Anaona moto."

Anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. "Chinkakuchititsa manyazi?"

"Eya, adada."

"Chinthu chija, kapena ine?"

Enifa anatsegula pakamwa. Akanatha kunena kuti chinthu chija basi, ndipo bambo ake mwina akanavomera. Koma bodza lina linamukanika. Anangoima, misozi ikugwera m'madzi a mpunga. A Mhone anadikira, kenaka anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene walandira yankho.

Atayamba kuyankhula, sankayang'ana iye, ankayang'ana kumunda.

"Kumene ndinali kuja, zenera linali pamwamba, kabowo kosaposa chikhato ichi. Kunja sitinkakuona. Ndiye ndinkasiyako nyenyeswa za mgaiwa, n'kukwera pamapewa a mnzanga, n'kuziika pakabowopo. Mbalame zake sindinazionepo. Ndinkangomva tizikhadabo tikukanda, ndi kujompha. Zikabwera ndinkadziwa kuti kunja kukadalipo, kuti mwina inunso mulipo. Ndinkati ndikadzatuluka ndidzazione nkhope." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona kuti ndi nkhani yopusa. Anzanga akufotokoza za maunyolo pawailesi, ine ndizikamba za mpheta?"

"Ndikhoma china, adada. Ndikapempha matabwa, ndinaona mmene munkachitira."

"Ayi. Ukwatiwe kaye."

Mawu amenewo anamupweteka Enifa kuposa mbama. Akanakonda akanamukalipira, akanamutukwana pamaso pa anthu onse a m'dambomo. Koma bambo ake ananena mofatsa, ngati munthu amene wamvetsa kuti ayenera kupatuka panjira.

"Koma dzina la a Sufiyani ulitsuke," anapitiriza. "Unaliipitsa pagulu, ukalitsukenso pagulu. Za ine zisiye." Anavala chipewa, n'kuimirira, n'kugwira chingwe.

"Ndiye tsikani tizipita. Mlandu palibe."

"Ndinalonjeza mpaka akolole. Komanso mbalame zinkadyadi mpunga wawo, pamenepo sunaname." Anakoka chingwe, zitini n'kulira.

Mawa lake Enifa anapita kumjigo nthawi imene amayi amachuluka. Anatula ndowa, n'kuima pasimenti, n'kunena kuti ali ndi mawu. Ananena zonse: nkhwangwa, moto, bodza. Mjigo unasiya kulira. Mayi wina anati "Hii!" chapansipansi, wina n'kukoka mwana wake kumuika kumbuyo. A Asiya anali pomwepo. Anatenga ndowa ya Enifa, n'kuidzaza, n'kumusenzetsa. Kuchoka apo anapita kwa a Sufiyani n'kugwada pabwalo. Iwo anati, "Alhamdulillah, zatha. Dzuka." Koma kusukulu sizinathe msanga. Ana anasiya za hotela, n'kuyamba kuyerekeza kuwaza nkhuni iye akatembenukira kubolodi, ndipo aphunzitsi anzake ankamulonjera mwaulemu wopitirira muyeso.

Fidelis atamva anayamba waseka, kenaka anaona nkhope yake n'kusiya. "Azakhali asamve zimenezi," anatero. Koma nkhani inali itakwera kale minibasi. Uthenga unabwera kuchokera ku Mwadzama wakuti a Rute akufuna aganizirenso. Za bambo analibe nazo mawu, koma mtsikana wowotcha chinthu cha bambo ake n'kunamizira neba pamaso pa alendo, mawa adzachita zotani kwa mwamuna wake? Enifa atamva sanadandaule n'komwe. Anaona kuti afunsa funso loyenera.

A Sufiyani atakolola, a Mhone anavalanso jekete ija n'kukwera minibasi okha kupita ku Mwadzama. Chibwerereni anali asanayendepo ulendo wautali chotero. A Dailesi anawaperekeza pasiteji n'kuima mpaka galimoto inazimiririka. A Mhone anabwera tsiku lotsatira atanyamula nkhuku yomangidwa miyendo. Zimene anakayankhula kumeneko sanauze munthu. Anangoti, "Akuti mwezi wa Okutobala," n'kupereka nkhukuyo kwa akazi awo.

Miyezi yotsatirayo ankakhalabe kuseri pansi pa mango, koma mpunga sankatapanso m'thumba. Enifa ankawapititsira tiyi n'kukhala nawo pang'ono. Ankakamba za sukulu, za mtengo wa nsomba, za alendo amene adzabwere kuchokera ku Nkhata Bay. Bambo ake ankamuyankha bwinobwino, mwaulemu, monga ankayankhira anthu ena onse. NyaMhone anasiya kumutchula, ankangoti Enifa.

Tsiku la ukwati m'mawa, nyumba itadzaza amayi omuveka, kunamveka kugogoda pachitseko cha kuchipinda. Anali a Mhone, atavala suti yobwereka, tsitsi atameta. Anapempha kuti ayankhule ndi mwana wawo, amayi aja n'kutuluka akuseka. Anaima pafupi ndi chitseko, manja ali kumbuyo.

"Ndimati ndifunse tisananyamuke, kuti ndisalakwitse," anatero. "Kutchalitchi kuja kubwera anthu a kukampani, mabwana a Fidelis. Ine ndikhale kutsogolo, kapena ndikhale chakumbuyo ndi anthu a m'mudzi? Kulikonse ine ndilibe vuto. Amalume ako atha kukulowetsa."

Sankanyoza. Ankafunsa moona, ndipo ankadikira yankho. Enifa anakhala pabedi ndi velo lake m'manja. Panja amayi anali atayamba kale nthungululu, galimoto ikuliza hutala. Anaimirira, n'kuwakonza kolala imene inapindika, n'kulowetsa dzanja lake m'mkono mwawo. Mkonowo unkanjenjemera pang'ono chifukwa cha hutala ija.

"Mundilowetsa ndinu, adada. Ndipo mukakhala kutsogolo."

"Chabwino," anatero a Mhone. "Ndiye uziyenda pang'onopang'ono, nsapatozi zikundithina."